Mmene ndinakungira waya waminga kudimba kwathu

Anthu akangomaliza kukolola, mbuzi za m'mudzi mwathu ku Dedza zimamasulidwa, ndipo malo oyamba amene zimathamangira ndi kumadimba, poti ndi kokhako kumene kwatsala zobiriwira. Mpanda wa udzu ndinatopa nawo: chaka chilichonse kumweta, kumanga, kenako moto wolusa kapena chiswe n'kuumaliza. Ndiye nditagulitsa kachewere ndinagula waya waminga, misomali yokhota ija ya U, pulayazi ndi magolovesi achikopa.

Ulendo woyamba ndinakunga ndekha ndi mgwala. Ndinkakoletsa waya kumgwalako, n'kuutsamiritsa pansichi yapangodya, n'kumakankha ndi mphamvu zanga zonse mnyamata wanga akukhomera. Tsiku limenelo mpanda unaoneka bwino zedi. Patangopita sabata ziwiri nsichi yapangodya inali itaweramira mkati, waya yense ali lende, mbuzi zikulowa ngati pakhomo pawo.

Malume, amene anagwirapo ntchito zaka zambiri pa esiteti ya fodya ku Kasungu, anabwera kudzaona. Sanakhudze waya n'komwe. Anangogwedeza nsichi ija ndi dzanja limodzi.

"Mphwanga, wakumba dzenje lobzala nthochi kapena loimika mpanda?"

"Malume, ndimaganiza kuti vuto ndi chokokera waya, ndilibe chabwino."

"Chokokera ndikubwereka. Koma ukachiika pansichi iyi, chiizula lero lomwe."

Choncho tinayambira pangodya. Tinasankha bulugama wokhwima, wonenepa ngati ntchafu ya munthu wamkulu, wotalika mamita awiri ndi theka, ndipo pafupifupi mita yathunthu inalowa pansi. Mbali yolowa m'nthaka tinaipaka oyilo wakuda wa galimoto chifukwa cha chiswe. Pokwirira, malume sanalole kuti ndingokankhiramo dothi lonse kamodzi: dothi pang'ono, timiyala, kutsendera ndi mgwala mpaka kulira kwake kusinthe, ndiyeno dothi lina. Kenako mchirikizo: mtengo wopendekeka wochokera chakumtunda kwa nsichi, kutsikira mbali imene waya akukokera, phazi lake litaponda mwala wafulati wokwiriridwa. Pangodya pamakhala michirikizo iwiri, poti waya amakoka mbali ziwiri. Ntchito imeneyi yokha inadya masiku awiri, ndipo ndinkaona ngati tikuchedwa. Nsichi zapakati zinali zosavuta, zocheperako, zotalikirana mamita atatu atatu, titakunga chingwe kuti ziwongoke.

Chokokera cha malume ndi cha tcheni. Chili ndi zibwano ziwiri zoluma waya, tcheni, ndi mpini wokhala ndi tingowe tiwiri. Ukamaukankha mpiniwo uku ndi uku, tingowe timakwera tcheni mphete imodzi imodzi, waya n'kumabwera. M'sitolo ya zitsulo ndinaonanso tina tating'ono tokhala ngati kagudumu ka mano, timene timatsala pa waya pomwepo n'kumakungidwa ndi sipanala akakhwefuka. Timeneti ndi tabwino pa waya wosalala, koma waminga sakulungika bwino pa kagudumuko, ndiye ndinatisiya. Kwa munthu wa dimba limodzi ngati ine, kugula cha tcheni n'kuwononga ndalama ngati pali wobwereka, chifukwa chimagwira ntchito masiku atatu n'kukagona chaka chonse.

Potambasula waya tinalowetsa mtengo pakati pa mpukutu, awiri n'kunyamula uku ndi uku, tikuyenda pang'onopang'ono. Mukaugoneka pansi n'kumasolola, waya amapotana, ndipo pamene papindika mwamphamvu ndi pamene padzaduke pokoka.

Tinayamba ndi waya wapamwamba. Chifukwa chake n'chakuti ndi amene amakoka nsichi kwambiri, ndiye mukayamba ndi wapansi, wapamwambayo akadzasuntha nsichi ngakhale pang'ono, apansi onse amakhwefuka. Mbali imodzi ndinazunguliza waya kawiri pansichi yapangodya n'kuupota pa iye mwini kasanu. Kumapeto kwina tinamanga tcheni pansichi, chibwano n'kuluma waya pakati pa minga iwiri.

Apa ndi pamene ndinaphunzira kuleza mtima. Ndikakoka mphete zitatu kapena zinayi, malume amandiimitsa n'kuyenda mzere wonse akunyamula waya ndi ndodo, kumasula minga imene yakola udzu kapena nsichi. Mukapanda kutero, chigawo chapafupi ndi inu chimalimba kwambiri pamene chakutali chidakali lende. Amanenanso kuti ndiime mbali ina ya nsichi, nkhope kutali ndi mzere wa waya. Waya akaduka ali wokungika amabwerera ngati chikwapu, ali ndi minga yake. Ine sanandidukire, koma munga umodzi unaboola golovesi n'kundilasa pachala, ndipo mawa lake ndinapita kuchipatala kukabayitsa katemera wa kafumbata.

Nanga mudziwa bwanji kuti wakwana? Malume amakanikiza waya ndi chikhatho pakati pa nsichi ziwiri: azigonja pang'ono n'kubwerera. Akafika poti mapotedwe a mawaya awiri opanga waya wamingayo ayamba kuwongoka, mwapyola. Ifenso tinkakunga mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, pamene chitsulo chimakhala chitatamuka. Waya wa mamita 100 amafupika pafupifupi masentimita awiri ndi theka kutentha kukatsika ndi madigiri 20, ndipo kuzizira kwa Juni ku Dedza mukukudziwa. Wokungidwa mopyola m'chilimwe amadzakoka ngodya yekha m'chisanu.

Atakwana, ndinazunguliza nsonga pansichi n'kupota ndi pulayazi chokokera chidakagwira, kenako n'kumasula mphete imodzi imodzi, osati kamodzi. Misomali inabwera pomaliza. Pansichi zapakati sitinaikhomere mpaka kufinya waya, tinasiya kampata koti aziyenda, kuti mbuzi ikagunda pamodzi mphamvuyo igawike mzere wonse. Tinkaikhomanso mopendeketsa pang'ono kuti nsonga ziwirizo zisalowe mumtsempha umodzi wa mtengo n'kuung'amba. Waya tinamuika kunja kwa nsichi, kumene ziweto zikuchokera, kuti zikakankha zizimukanikizira kumtengo m'malo mozula msomali.

Tinaika mizere isanu ndi umodzi, yapansi yothithikana, chifukwa mbuzi nthawi zambiri siilumpha, imakwawa. Ngakhale zinali choncho, tsiku lachitatu ndinapeza kamwana ka mbuzi kakudya masamba a tomato. Kanadutsa pakangalande ka madzi chakumunsi, pamene waya wokungika anadutsa mowongoka pamwamba pa dzenje. Ndinakhomapo zikhomo zinayi n'kuunjika miyala, ndipo madzulo ake ndinabweza chokokera kwa malume, pamodzi ndi dengu la kachewere.