New York Yankees pa 4 Julaye: kuwerenga mbiri ya timu pa tsiku limodzi

Sabata yoyamba ya Julaye kuno ku Mangochi timaidziwa ndi mwera pa nyanja komanso kukonzekera chikondwerero cha ufulu cha pa 6. Anzathu a ku America amakondwerera ufulu wawo pa 4 Julaye, ndipo tsikuli limagwa pakatikati pa sizoni ya baseball. Popeza anthu amakhala pa tchuthi, mabwalo amadzaza, choncho matimu akuluakulu akhala akusewera pa tsikuli kuyambira kalekale. Munthu wofuna kuidziwa bwino timu ya New York Yankees angathe kungotenga tsiku limodzi limeneli n'kulitsata chaka ndi chaka kuyambira 1903, pamene timuyi inayamba kusewera ku New York. Koma ndandanda wongonena kuti anapambana 4-0 kapena anagonja 3-2 umabisa zambiri, ndipo pena umasocheretsa kumene.

Kwa amene masewerowa ndi achilendo, zofunika kudziwa ndi izi. Timu iliyonse imaika osewera 9 m'bwalo. Gemu imakhala ndi ma inning 9, ndipo mu inning iliyonse matimu onse awiri amamenya mpira mosinthana mpaka anthu awo atatu atatulutsidwa. Ndiye kuti woponya amene wayamba gemu n'kuimaliza yekha kawirikawiri amayenera kutulutsa anthu 27. Run imawerengedwa womenya akazungulira ma base onse, malo anayi oimapo m'bwalo, n'kubwerera pamene anayambira. Ma run akafanana pakutha pa inning ya 9, masewero amapitirira.

Choyamba kuchita ndi kuwerenga kuti pa tsikulo panali magemu angati. Zaka zakale pa 4 Julaye matimu ankakonda kusewera kawiri tsiku limodzi ndi timu yomweyo, ndipo pa masamba a mbiri monga Retrosheet ndi Baseball-Reference magemu awiriwo amalembedwa padera, yoyamba ndi yachiwiri. Amene amangowerenga mzere umodzi pa chaka amataya theka la nkhani. Palinso zaka zimene simupeza kanthu. Mu 1981 osewera anali pa sitalaka kuyambira pakati pa Juni mpaka kumapeto kwa Julaye, ndipo mu 2020 sizoni inayamba pa 23 Julaye chifukwa cha Covid-19. Musavutike kusakasaka magemu a zaka ziwirizi, kulibe. Dzina nalonso lingakupusitseni: kufikira 1912 timuyi inkadziwika kuti Highlanders, dzina la Yankees linakhazikika mu 1913.

Tsiku lenilenilo nalonso ndi lofunika kusamala nalo kwa ife a kuno. M'mwezi wa Julaye nthawi ya ku Malawi imakhala patsogolo ndi maola 6 poyerekeza ndi ya ku New York. Gemu yoyamba 1:05 masana kumeneko imayamba 7:05 madzulo kuno, tsiku likadali lomwelo. Koma yoyamba 7:05 madzulo imatipeza 1:05 usiku, nthawi imene asodzi a usipa ali pakati pa nyanja ndi nyali zawo, ndipo foni yanu imakhala italemba kale kuti 5 Julaye. Timu ikakhala ku California kusiyanaku kumafika maola 9. Mabuku a mbiri amatsata tsiku la kumene bwalo lili, choncho polemba ndandanda wanu tsatani lomwelo, osati la pa foni.

Tiyambe ndi 1925. Mu gemu yoyamba ya tsikulo, Herb Pennock wa Yankees ndi Lefty Grove wa Philadelphia Athletics anaponyerana mpaka inning ya 15, Yankees n'kupambana 1-0. Pennock anaponya gemu yonse yekha. Kutulutsa anthu atatu m'ma inning 15 ndi anthu 45, ndipo m'menemo analola ma hit anayi okha (hit ndi pamene womenya wamenya bwino mpira n'kufika pa base asanatulutsidwe), osapereka walk ngakhale imodzi, kutanthauza kuti palibe amene anapita pa base mwaulere. Grove chinali chaka chake choyamba mu ligi yaikulu, ndipo Yankees ya chaka chimenecho inali yofooka, inathera pa nambala 7 mwa matimu 8. Ine ndimaona kuti iyi ndi gemu imene imaonetsa bwino kusintha kwa masewerowa kuposa ina iliyonse pa tsikuli. Masiku ano mphunzitsi amachotsa woponya akayandikira mipira 100, poopa kuvulaza mkono, ndipo kuyambira 2020 m'magemu a sizoni inning iliyonse yowonjezera imayamba ndi wothamanga ataikidwa kale pa base yachiwiri kuti gemu ithe msanga. Zimene anachita Pennock sitidzazionanso.

Za mu 1932 simungazipeze m'manambala. Ku Washington, Carl Reynolds wa Senators anawombana ndi Bill Dickey, wowakha mipira wa Yankees, pothamangira run. Dickey anadzuka n'kumumenya chibakera chimodzi chimene chinathyola nsagwada. Ligi inamuimitsa masiku 30 ndi kumulipitsa chindapusa cha madola 1,000, ndalama zambiri ndithu pa nthawi imeneyo. Njira yodziwira zinthu ngati izi ndi kutsegulanso magemu a masiku otsatira: dzina la wosewera wodalirika likangosowa mwadzidzidzi kwa mwezi wathunthu, pali chimene chinachitika. Yankees inapambanabe magemu 107 chaka chimenecho n'kugonjetsa Chicago Cubs mu World Series, magemu omaliza opezera akatswiri a chaka.

Chaka chimene aliyense amachikumbukira ndi 1939, koma mukayang'ana zotsatira zokha muona tsiku wamba: Yankees inagonja 3-2 kwa Washington Senators mu gemu yoyamba, n'kubwezera 11-1 mu yachiwiri. Dzina la munthu amene anthu 61,808 anabwera kudzamuona ku Yankee Stadium mulibe m'ndandanda wa osewera. Lou Gehrig anali atasewera magemu 2,130 motsatizana osajomba, kuyambira pa 1 Juni 1925, ndipo pa 2 Meyi 1939 anapempha yekha kuti akhale panja chifukwa thupi linali litayamba kumukanika. Mu Juni madokotala a ku Mayo Clinic anamupeza ndi ALS, matenda opha mitsempha yoyendetsa minofu, amene mpaka lero alibe mankhwala ochiza. Mwambo womutsanzikira unachitika pakati pa magemu awiriwo, katswiri wakale wa Yankees Babe Ruth ndi anzake a timu ya 1927 ali pomwepo. Gehrig, ali ndi zaka 36, anauza khamulo kuti akudziona ngati munthu wamwayi kuposa wina aliyense pa dziko lapansi. Nambala yake ya 4 sinaperekedwenso kwa wina, ndipo aka kanali koyamba mu ligi yaikulu kuti timu ipumitse nambala ya wosewera. Anamwalira pa 2 Juni 1941. Mbiri yake ya magemu otsatizana inakhala zaka zoposa 50 mpaka Cal Ripken Jr. anaipitirira mu 1995.

Apa mpofunika kuchenjera ndi dzina la Washington Senators, chifukwa matimu a dzinali alipo awiri. Timu imene inasewera ndi Yankees mu 1932 ndi 1939, imenenso Mickey Mantle wa Yankees anaimenya home run yake ya 300 (kumenya mpira n'kuzungulira ma base onse kamodzin'kamodzi) pa 4 Julaye 1960, inasamukira ku Minnesota mu 1961 n'kukhala Twins. Chaka chomwecho ku Washington kunayambika timu ina yatsopano ya dzina lomwelo, ndipo imeneyi inasamukira ku Texas mu 1972 n'kukhala Rangers. Mukaphatikiza awiriwa powerenga kuti Yankees yakumana kangati ndi Senators, chiwerengero chanu chikhala cholakwika. Athletics nayonso yayendayenda: inachoka ku Philadelphia kupita ku Kansas City mu 1955, n'kupitirira ku Oakland mu 1968, koma iyo ndi timu imodzi yomweyo.

Gemu ya 1983 ndiyo yabwino kuphunzirirapo kuwerenga manambala. Kumapeto kwa mzere wa timu iliyonse kumakhala zilembo zitatu: R ndi ma run, H ndi ma hit, E ndi ma error. Timu ya alendo imalembedwa pamwamba, eni bwalo pansi, ndipo mukaona X pa inning ya 9 ya eni bwalo ndiye kuti anali patsogolo kale, sanafunikenso kumenya. Pa 4 Julaye 1983 Yankees inagonjetsa Boston Red Sox 4-0, ndipo pansi pa H ya Boston panali 0. Dave Righetti, woponya ndi dzanja lamanzere, anamaliza ma inning onse 9 osalola hit. Imeneyo ndiyo no-hitter, ndipo inali yoyamba ku Yankees chichokereni 1956.

Ambiri amaganiza kuti no-hitter ndiye kuti palibe amene anafika pa base, koma si choncho. Righetti anapereka ma walk anayi. Walk imabwera woponya akaphonya kanayi malo oyenera, womenya osayesa kumenya, ndipo womenyayo amapita pa base yoyamba mwaulere. Siwerengedwa ngati hit. Chimodzimodzi womenya akafika pa base chifukwa wotchinga wagwetsa mpira wosavuta kapena waponya molakwika, imeneyo ndi error. Amene amagamula ngati inali hit kapena error si woyimbira wa m'bwalo ayi, koma mlembi wovomerezeka wokhala pamwamba pamodzi ndi atolankhani, ndipo chigamulo chake chimodzi chingathe kupulumutsa kapena kuwononga no-hitter. Gemu imene palibiretu wofika pa base, anthu 27 kubwera ndi kubwerera onse, imatchedwa perfect game, ndipo ndi imene Don Larsen anaponya pa 8 Okutobala 1956 mu World Series polimbana ndi Brooklyn Dodgers.

Chimene chimaikometsa gemu ya Righetti ndi munthu womaliza amene anakumana naye. Wade Boggs ndiye anatsogola mu American League, ligi ya matimu awiriwa, chaka chimenecho ndi avereji ya .361, kutanthauza ma hit 361 pa mipata 1,000 iliyonse, ndipo sizoni yonse anatulutsidwa ndi strikeout (ma strike atatu, monga kuphonya mpira katatu) maulendo 36 okha. Munthu wotere sapusitsika wamba. Righetti anamuponyera slider, mpira umene umabwera ngati wolunjika kenaka n'kukhotera pansi chakumbali utatsala pang'ono kufika, Boggs n'kumenya mphepo. Inali strikeout yake ya 9 pa tsikulo, limenenso linali tsiku lobadwa la mwini timu, George Steinbrenner. Chaka chotsatira timu inamusintha ntchito Righetti kukhala womalizitsa magemu, ndipo mu 1986 anateteza chipambano maulendo 46.

Kuti muone kuopsa kodalira 4-0 yekha, yerekezani ndi gemu ya pa 1 Julaye 1990 ku Chicago. Andy Hawkins wa Yankees sanalole hit ngakhale imodzi kwa White Sox, koma anagonja 4-0. Mu inning ya 8 anzake anachita ma error atatu, iye n'kuperekanso ma walk awiri, anthu anayi n'kulowa popanda hit. Popeza White Sox anali eni bwalo ndipo anali patsogolo, sanamenyenso mu inning ya 9, choncho Hawkins anaponya ma inning 8 okha. Mu 1991 ligi inakhazikitsa lamulo lakuti no-hitter iyenera kukhala ya ma inning osachepera 9, ndipo dzina lake linachotsedwa pa ndandanda. Buku losindikizidwa 1991 isanafike lidzakuuzani kuti inali no-hitter, latsopano lidzakana, ndipo onse awiri akunena zoona za nthawi yawo. Kwa ine lamuloli linamulakwira Hawkins, chifukwa anatulutsa aliyense amene malamulo anamupatsa kuti amutulutse.

Patangotha chaka chichitikireni za Righetti, pa 4 Julaye 1984, Phil Niekro wa Yankees anakwanitsa ma strikeout 3,000 potulutsa Larry Parrish wa Texas Rangers, ana a Senators yachiwiri ija. Niekro anali ndi zaka 45, msinkhu umene anzake ambiri amakhala atapuma kalekale. Chinamusunga ndi knuckleball. Mpirawu amaugwira pokanikiza zikhadabo pa chikopa chake n'kuukankha kuti uchoke m'dzanja usakuzungulira. Mpweya ukamawomba pa misoko yake umaupotoza uku ndi uku ngati gulugufe, moti womenya, wowakha ngakhale woponya mwiniwake sadziwa kumene uthere. Sufuna mphamvu zambiri, n'chifukwa chake mkono sutha msanga. Vuto lake ndi lakuti ukangozungulira pang'ono kuposa muyeso, umasanduka mpira wochedwa wolunjika, ndipo womenya amautumiza kunja kwa mpanda.

Mukamawerenga magemu a oponya knuckleball mudzakumana ndi chinthu chooneka ngati cholakwika: munthu walembedwa kuti watulutsidwa ndi strikeout, koma pa mzere wotsatira ali pa base yoyamba. Lamulo limati wowakha akalephera kugwira strike yachitatu, womenya angathe kuthamangira ku base yoyamba, bola baseyo ikhale yopanda munthu kapena anthu awiri akhale atatulutsidwa kale. Akafika mpira usanafike, woponya amalemberedwabe strikeout yake koma timu sipeza out, kutanthauza kuti womenyayo sanatulutsidwe. Ndi chifukwa chake woponya mmodzi angathe kukhala ndi ma strikeout anayi mu inning imodzi. Mukamaonkhetsa ma out kuti muone ngati akukwana 27, strikeout yotereyi muichotsepo, apo ayi mupeza 28.