Kuzungulira White Rim ku Utah: RV itsale pamwamba, kachigalimoto kolimba katsike

Msewu wa White Rim uli m'paki ya Canyonlands ku Utah, m'dziko la America, kufupi ndi tauni ya Moab. Ndi wozungulira, wautali pafupifupi makilomita 160, ndipo umayenda pathanthwe loyera lomwe lili pakatikati pa phiri lathyathyathya la Island in the Sky ndi mitsinje ya Colorado ndi Green. Anaulambula m'zaka za m'ma 1950 kuti ofufuza miyala ya uranium azifika kumunsiko, pakiyo isanakhazikitsidwe mu 1964. Unapangidwira magalimoto a ntchito, ndipo mpaka lero ndi wopapatiza, wopanda zotchinga m'mbali, wopanda madzi akumwa kapena pothira mafuta.

Choyamba chomwe ndimatsimikiza ndi chakuti RV, galimoto ija yokhala ndi chipinda chogona ndi khitchini, sitsika nawo. Ndi yaitali, mimba yake ili pafupi ndi nthaka, ndipo mbuyo yake imakhula pansi pa chigwembe chilichonse. Kuwonjezera apo, kumadzulo kwa msewuwu kuli matanthwe olendewera pamwamba pa njira, moti galimoto yotalika kupitirira mamita 2.9 kapena yotambalala kuposa mamita 2.4 siyenera kulowako. Oyang'anira paki amafuna galimoto yokwera m'mwamba, yokoka ndi mawilo onse anayi, yokhala ndi giya yamphamvu ya 4L. Tinjinga tamoto ta mawilo anayi ta ATV ndi UTV n'toletsedwa. Agalu nawonso saloledwa, ngakhale atakhala m'kati mwa galimoto, ndiye ngati mumayenda ndi galu mu RV, m'pezereni womusunga ku Moab musanakwere.

RV ndimaiimika pa Horsethief Campground, m'mbali mwa msewu wa UT-313, chifukwa ndi pafupi ndi pomwe ndidzatulukire. Pamenepa palibe madzi ngakhale magetsi, choncho matanki ndimadzaziratu ku Moab. Wofuna magetsi apite ku Dead Horse Point State Park. Willow Flat, m'kati mwa paki, ili ndi malo 12 okha ndipo simalandira galimoto yopitirira mamita 8.5. Ndikaimika ndimaika RV molingana bwino, chifukwa firiji yoyendera gasi imawonongeka ikagwira ntchito itapendekeka, kenako ndimapinda chinsalu cha mthunzi cha m'mbali. Mphepo ya pamwamba apa imabwera mosachenjeza ndipo imathyola zitsulo zake.

Ngati galimoto yaing'onoyo munaikoka kumbuyo kwa RV mawilo onse ali pansi, monga ambiri amachitira ndi Jeep Wrangler, imasuleni pamalo athyathyathya, zitsulo zokokera zisanakungike. Mangani buleki ya pamanja musanachotse mapini, chifukwa bokosi logawa mphamvu ku mawilo limakhala lili pa N (nyutirolo) ndipo galimotoyo ikhoza kungoyamba kuyenda yokha. Mukamasula, chotsani kachipangizo kothandizira mabuleki, bwezerani bokosilo pa 2H, pomwe mawilo awiri okha ndiwo amakoka, ndipo yesani 4L pomwepo musanachoke: galimoto iziyenda pang'onopang'ono ngati munthu wa pansi, giya ikhale pa N, kenako kokani chogwirira mwamphamvu kamodzi. Ikakana pano, mwapulumuka. Ikakakana pa chikweza chovuta cha Murphy Hogback, ndi nkhani ina.

Chilolezo n'chofunika, kaya mukuyenda tsiku limodzi kaya mukagona. Chimapezeka pa webusaiti ya Recreation.gov, ndipo malo ogona a miyezi ya April, May, September ndi October amatha msanga, miyezi ingapo nthawi isanakwane. Alipo omwe amamaliza msewu wonse tsiku limodzi, maola 10 mpaka 12 ali pachiwongolero. Ine sindimalimbikitsa zimenezi. Zigawo zovuta zili chapakati ndi chakumapeto, ndipo munthu amazifika atatopa, dzuwa likupendeka. Masiku awiri kapena atatu ndiye abwino, kugona pa White Crack kapena Murphy, kenako Potato Bottom kapena Hardscrabble.

Katundu wanga sasintha. Madzi malita 4 pa munthu aliyense pa tsiku, kuphatikizapo chigubu china cha malita 20 chomwe sindichikhudza pokhapokha zitavuta. Tanki ya mafuta yodzaza kuchokera ku Moab ndi chigubu cha malita 20, popeza 4L imamwa mafuta kwambiri ndipo pamwamba palibe pogula. Tayala la sipeya lofanana ndi enawo kukula kwake, pampu yolumikiza ku batire, geji yoyezera mpweya, zomatira tayala, jeke ndi thabwa lochindikala loikapo jekeyo kuti isamire mumchenga, fosholo, ndi chingwe chokokera chopanda ngowe zachitsulo, chifukwa ngowe ikaduka imauluka ngati mwala wa legeni. Moto wa nkhuni n'ngoletsedwa, ndiye ndimanyamula kasitovu ka gasi. Netiweki ya foni imasowa pafupifupi njira yonse, choncho mapu ndimatsitsiratu, ndimatenganso a papepala, ndipo ndimauza munthu tsiku lomwe ndikuyenera kutuluka. Galimoto ikafera kumunsi, kuikoka kumadya madola opitirira 1,000.

M'mawa wa ulendo ndimaima pa ofesi ya alendo ya Island in the Sky kufunsa zinthu ziwiri: ngati Shafer Trail, njira yotsikira ku White Rim, ili youma, ndiponso ngati mtsinje wa Green sunasefukire pa msewu chakumadzulo. M'miyezi ya May ndi June chipale chofewa cha kumapiri chikasungunuka, madzi amatha kutseka njira kufupi ndi Upheaval Bottom. Amene sanafunse amafika kumeneko atayenda gawo lalikulu la ulendo, n'kupeza kuti ayenera kubwerera njira yonse ndi mafuta otsala. N'chifukwa chake chigubu cha mafuta chija sindimachisiya.

Phula likangotha ndimaphwetsa matayala, kuchoka pa 35 psi (muyezo wa mpweya wa m'tayala) kufika pa 20 kapena 22. Tayala lofewa limakumbatira mwala m'malo modumpha, limachepetsa kugwedezeka pa mabampu, ndipo limayandama pamchenga. Osatsitsa kwambiri kupitirira apo pa mawilo wamba. Mukafika cha m'ma 12, tayala likhoza kuvuka pa limu mukakhota mwamphamvu.

Shafer Trail ndiye khomo. Msewu umatsika pafupifupi mamita 450 mokhotakhota pakhoma la thanthwe lofiira, ndipo ukayang'ana pawindo umaona makona a kumunsi atasanjikizana pansi pako. Anthu amauopa chifukwa cha phompho, koma kukakhala kouma vuto lenileni ndi mabuleki. Ndimaika 4L ndisanayambe kutsika, giya yoyamba kapena yachiwiri, n'kusiya injini igwire galimoto. Woponda buleki njira yonse amatenthetsa mapadi, amayamba kumva fungo la chinthu chopserera, kenako phazi limalowa pansi galimoto osaima bwino. Mukamva fungolo imani pamalo otambalala, dikirani zizizire, musathirepo madzi. Amene akukwera ndiye ali ndi ufulu wodutsa, chifukwa kuyambiranso pachikweza n'kovuta kuposa kuima pamtsetse. Ndimayang'ana makona awiri kutsogolo kuti ndikaona fumbi la galimoto yobwera ndiime msanga pomwe pali mpata. Kukagwa mvula kapena chipale, dothi la apa limasanduka makande oterera, matayala amadzaza matope n'kukhala osalala. Pamenepo sinditsika, ngakhale chilolezo chipite pachabe.

Kuchoka pansi pa Shafer kudutsa Musselman Arch, Airport ndi Gooseberry, msewu si wovuta, ndi wotopetsa chabe. Liwiro lololedwa ndi makilomita 24 pa ola, ndipo nthawi zambiri simufikapo n'komwe. Masitepe a miyala ndimawakwera tayala limodzi panthawi, mopingasa pang'ono. Mwala waukulu ndimauponda ndi tayala m'malo moulowetsa pakati, pomwe ungagunde difu, chibokosi cha magiya chomwe chili pakati pa mawilo kunsi kwa galimoto. Zala zazikulu zikhale kunja kwa chiwongolero, chifukwa tayala likagunda mwala chimazungulira mwadzidzidzi. Tayala likabooka pamwamba limamatika, koma likang'ambika m'mbali ndiye latha, ndipo miyala yakuthwa ya m'mphepete mwa njira ndi imene imang'amba m'mbali.

Pali chinthu chimodzi chomwe chimandiwawa ndikachiona: mikwasa ya matayala pambali pa msewu. Nthaka yakuda yamabudumabudu yomwe mumaiona kumeneko ndi yamoyo, ndi tizamoyo ting'onoting'ono tomwe timamanga mchenga kuti usauluke ndi mphepo, ndipo ikapondedwa imatenga zaka zambirimbiri kuti ibwerere. Mukafuna kupatukira mnzanu kapena okwera njinga zakapalasa, omwe ndi ambiri pa msewuwu, imani pathanthwe kapena pamalo omwe apondedwa kale.

Murphy Hogback, chapakati pa ulendo, ndi pomwe pamafunika mutu. Chikwezacho n'chachikulu, chokwana galimoto imodzi, dothi lake ndi losagwirana, ndipo pamwamba pake simuona zomwe zikubwera. Ndimaima pansi, ndimazimitsa injini kuti ndimvetsere ngati kukubwera galimoto, ndipo ngati tili awiri mnzangayo amakwera wapansi kukaona n'kundikodola. Kenako 4L, giya yachiwiri pa galimoto ya manuwo, phazi lokhazikika pa mafuta, osasintha giya pakati pa chikweza. Matayala akayamba kupala, ndimachepetsa mafuta pang'ono kuti agwirenso. Kuwonjezera moto kumangokumba dzenje. Injini ikazima kapena galimoto ikalephera, osayesa kutembenuka, chifukwa galimoto yopingasa pamtsetse imagubuduka. Pondani buleki, ikani rivesi, bwererani molunjika injini ikugwira, osaponda kilachi, mpaka pansi, n'kuyambiranso. Pofika pamwamba penipeni boneti imaphimba msewu kwakanthawi, ndiye pitani mwakachetechete mpaka mphuno itatsika. Kutsika mbali inayo ndi giya yoyamba basi.

Hardscrabble Hill, pamwamba pa mtsinje wa Green, imafuna zomwezo, koma ili ndi makona othina omwe galimoto yaitali imafunika kubwerera kamodzi kuti ikhote. Apa wotsogolera wa pansi aime pomwe woyendetsa akumuona, azilankhula ndi manja, ndipo woyendetsa amvere munthu mmodzi yekha. Mukatsika mumalowa mumchenga wakuya wa ku Upheaval Bottom. Ndimalowa ndi liwiro lokhazikika, osakhota mwamphamvu, osaima pakati. Galimoto ikayamba kutitimira ndimachotsa phazi nthawi yomweyo, ndimafukula mchenga kumbuyo kwa matayala onse, ndimatsitsa mpweya kufika pa 15, n'kubwerera m'mikwasa yanga. Makwawa ouma ngati awa si malo oimikapo galimoto kapena kudyera nkhomaliro, makamaka kuyambira July mpaka September, pomwe mvula yogwa kutali imatha kutumiza chigumula thambo lili loyera pamwamba panu. Mu August 2010 mvula yotereyi inakokolola makona a Mineral Bottom, msewu n'kutsekedwa kwa miyezi ingapo.

Makona a Mineral Bottom omwewo ndiwo potulukira. Amakwera khoma ngati Shafer, ndipo 4L imathandiza kuti giya ya otomatiki isatenthe. Pamwamba ndimabwezera 2H, chifukwa kuyenda pa 4 pamsewu wolimba kumakunga zitsulo zopititsa mphamvu ku mawilo. Patsala makilomita pafupifupi 20 a msewu wafumbi kufika pa UT-313. Ndisanaponde phula ndimapopa matayala kubwerera pa 35 psi, popeza tayala lofewa likathamanga limatentha n'kuphulika. Ndimagwada kuyang'ana pansi ngati pakudontha oyilo, ndimapapasa m'mbali mwa tayala lililonse kufuna mabala, ndimagogoda fyuluta ya mpweya, ndipo ndimapukuta fumbi pa mapini ndi pa soketi ya magetsi ndisanalumikizenso galimotoyo ku RV.