Tsiku limene ndinatumiza kalasi yonse ku chimbudzi ku Japan

Kwathu ku Malawi mphunzitsi amadziwika ndi nsapato. Pa zaka 8 zimene ndinaphunzitsa Chingerezi pa sekondale ina ya m'boma la Dedza, sindinkachoka pakhomo wopanda kansanza m'thumba, kuti ndikafika pafupi ndi sukulu ndibisale kuseri kwa mtengo ndi kupukuta fumbi ana asanandione. Koma masokosi ndi nkhani ina, chifukwa amenewo ndi chinsinsi cha mwamuna ndi mkazi wake, ndipo palibe woyendera sukulu amene anafunsapo za iwo. N'chifukwa chake nditapeza mwayi wokachita maphunziro a ukachenjede ku Japan, ndinakwera minibasi kupita ku Lilongwe kukagula nsapato zakuda zachikopa zimene zinadya pafupifupi theka la malipiro anga a mwezi, koma masokosi ndinangolongedza akale omwe aja.

Ndinkakhala ku Saijo, m'chigawo cha Hiroshima, tauni yodziwika ndi mowa wa mpunga wotchedwa sake. Ophunzira ochokera kunja amaloledwa kugwira ganyu mpaka maola 28 pa sabata ngati atenga chilolezo, ndipo popeza kuyambira mu 2020 Chingerezi ndi phunziro lokhazikika m'kalasi yachisanu ndi yachisanu ndi chimodzi ya pulayimale, ndinapeza malo othandizira kuphunzitsa masiku awiri pa sabata pa sukulu ina ya kumudzi. Chaka cha sukulu kumeneko chimayamba mu Epulo. Usiku woti mawa ndikayamba ntchito ndinapaka nsapato zija polishi kawiri, mpaka ndinkadziona nkhope.

Ulemerero wanga unathera pakhomo. Pa khomo la sukulu zambiri za ku Japan pali malo otsika otchedwa genkan, pamene aliyense, kuyambira mwana wa kalasi yoyamba mpaka mphunzitsi wamkulu, amavula nsapato za panja n'kuziika m'kabati, kenako n'kuvala za m'kati. Wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, bambo wachikulire waulemu kwambiri, anandiweramira, nanenso ndinamuweramira, iye anaweramanso, ndipo pamene tonse awiri tinali titayang'ana pansi m'pamene ndinavula nsapato yakumanja. Chala chachikulu chinatulukira pa bowo la sokosi ngati kamba amene wamva kuti mvula yagwa. Bamboyo anayamba mwadzidzidzi kuchita chidwi ndi denga.

Anandipatsa masilipasi obiriwira a alendo. Ku Japan nsapato amaziyeza m'masentimita, phazi langa ndi 29, ndipo masilipasi aja anandiperewera ndi zala zitatu zathunthu. Chidendene chinkalendewera kumbuyo, pansi panali poterera, ndipo pokwera masitepe silipasi imodzi inandithawa n'kutsetsereka mpaka pansi, mwana wina n'kudzandibwezera atanyamula ndi manja awiri ngati mphatso ya pa ukwati. Ndinkayenda ndikukwakwaza mapazi ngati nkhalamba yopita kukamwetsa mbuzi.

Belu loyamba lisanalire ndinapita kukadzithandiza ku chimbudzi cha aphunzitsi aamuna, ndipo kumeneko ndinapeza chimene ndinachitenga ngati yankho la pemphero. Pakhomo penipeni panali masilipasi abuluu, aakulu, olimba, osaterera, atayalidwa bwinobwino moyang'ana m'kati. Nditalowetsa phazi, anandikwana ndendende. Pamwamba pake panali zilembo zitatu za Chijapani zimene panthawiyo sindinkatha kuwerenga, ndipo ndinaganiza kuti ndi dzina la kampani imene inawapanga. Mumtima ndinayamikira nzeru za eni dziko, amene ataona kuvutika kwanga anandikonzera masilipasi a msinkhu wanga mwakachetechete, n'kuwasiya pamalo obisika kuti ndisachite manyazi. Obiriwira aja ndinawakankhira pakona, ndipo ndinatuluka ndikuyenda ngati mphunzitsi wa ku Dedza.

M'chipinda cha aphunzitsi munali phokoso la mapepala ndi makompyuta, koma nditangolowa munagwa bata. Ndinaganiza kuti ndi ulemu. Apa ndiyenera kunena chinthu chimodzi chimene ndimawadandaulira anzanga aja mpaka lero. Zikanakhala kwathu, munthu woyamba kundiona akanafuula kuchokera kutali kuti, "Aphunzitsi, mwavala chiyani kumapaziko?" ndipo anthu akanaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Mjapani savula mlendo pagulu. Mphunzitsi wamkazi amene ndinkagwira naye ntchito anandiyandikira, anapumira m'mano monga amachitira akafuna kunena zovuta, n'kufunsa motsitsa mawu m'Chingerezi kuti, "Sensei, kodi mapazi anu ali bwino?" (Sensei ndi mawu a Chijapani otanthauza mphunzitsi.) Ine ndinayankha mokweza, kuti onse amve kuthokoza kwanga, kuti sanakhalepo bwino chonchi chifikireni ku Japan. Mayiyo anati, "Ah," ndipo anakhala pansi.

Tinalowa limodzi m'kalasi yachisanu, ana anaimirira n'kuwerama, koma posakhalitsa mnzangayo anaitanidwa ku ofesi, mwina kukakambirana za mapazi anga. Ndinatsala ndekha ndi ana 28. Ndinajambula mapu a Africa pa bolodi, ndinaonetsa pamene pali Malawi ndi nyanja yake, ndipo ndinali m'kati mofotokoza za chambo pamene mnyamata wina wa kutsogolo anakweza dzanja n'kunena kuti, "Sensei, toire!" Mawu amenewa ndinkawadziwa, chifukwa ndi amodzi mwa oyamba amene mlendo amaphunzira: toire ndi chimbudzi. Ndinamulozera khomo mwachifundo. Mnyamatayo anayang'ana anzake, anazengereza pang'ono, koma popeza mphunzitsi walamula, anatuluka.

Mtsikana wina anakweza dzanja. "Toire, toire," anatero, uku akuloza pansi. Ndinaganiza kuti kuloza pansiko kukusonyeza kuti zinthu zafika povuta, choncho naye ndinamutulutsa mwachangu. Kenako anali atatu pakamodzi, kenako mzere wonse wa kuwindo. Monga munthu wodziwa ntchito, ndinayamba kukayikira chakudya chimene anawa anadya m'mawa, ndipo ndinakumbukira chaka china pamene nyemba zinavuta ku sukulu yogonera komweko. Sindinafune ngozi pa tsiku langa loyamba. Aliyense amene ankatchula mawuwo ndinkamutsegulira chitseko ndekha, mpaka m'kalasi munatsala ana anayi okha, ofatsa kwambiri, amene anali atagwira pakamwa mapewa akugwedezeka. Ndinawafunsa ngati nawonso akufuna kupita.

Wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu anapeza ana 24 ataima pa mzere wowongoka kunja kwa chimbudzi, popanda ndi mmodzi yemwe wolowa. Anawabweza m'kalasi, ndipo iye mwini anafika pakhomo atanyamula masilipasi obiriwira aja. Sanalankhule zambiri. Anagwada, anawaika patsogolo panga, analoza zilembo zitatu za pa abuluu aja n'kuziwerenga pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa mwana wa mkaka: "To. I. Re." Ana anaphulika. Ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika, koma tinali pa nsanjika yachiwiri.

Zimene ndinamva pambuyo pake zinandiwawa kuposa kuseka kuja. Masilipasi a ku chimbudzi sadutsa pakhomo la chimbudzi ngakhale phazi limodzi, chifukwa kwa Ajapani malire a pakati pa malo audongo ndi malo auve ndi nkhani yaikulu, ndipo ine ndinali nditayenda nawo m'khonde lonse, m'chipinda cha aphunzitsi, pa masitepe ndi m'kalasi. Kuwonjezera apo, m'chimbudzi muja munali peyala imodzi yokha, kotero kuti m'mawa wonse aphunzitsi aamuna, kuphatikizapo mphunzitsi wamkulu, ankafika pakhomo, n'kubwerera, n'kukwera kukagwiritsa ntchito cha ana.

Ku sukulu za ku Japan ana amakonza okha sukulu yawo tsiku lililonse kwa mphindi pafupifupi 15, aphunzitsi akugwira nawo. Izi sizinandidabwitse, popeza ifenso tinakula tikusesa pabwalo la sukulu m'mamawa. Chachilendo chinali chakuti amakolopa ndi kansalu kotchedwa zokin, atawerama manja ali pansi, n'kumathamanga nako kuchokera kumapeto kwa khonde mpaka kwina. Tsiku limenelo anakolopa kawiri paliponse pamene ndinaponda. Ndinavula jekete, ndinapempha kansalu, ndipo bambo wa ana atatu ndinathamanga chokwawa m'khonde, tayi ikukwekwereka pansi, chala chija chili panja, ana akundichemerera. Msana unandipweteka masiku anayi.

Kumapeto kwa sabata yotsatira kunali phwando lolandira aphunzitsi atsopano, m'chipinda choyalidwa mphasa za tatami, pamene ngakhale masilipasi saloledwa. Ulendo uno ndinali nditagula masokosi mapeyala asanu. Pa phwando lotere munthu sadzithirira yekha chakumwa, amathiriridwa ndi mnzake, ndipo sake wa ku Saijo atazungulira kangapo, anthu aja amene ankalephera kundiuza mawu amodzi anamasuka pakamwa. Mphunzitsi wamkulu anaimirira n'kusewera sewero lonse, iye yekha akukhala ine, akukhala mwana, akukhalanso iye mwini atafika pa chimbudzi n'kupeza palibe masilipasi. M'pamene ndinamva kuti ana anandipatsa kale dzina lakuti Toire-sensei, ndipo dzinalo silinachoke mpaka tsiku limene ndinatsanzika.

Lolemba m'mawa ndinapeza m'kabati yanga masilipasi atsopano a masentimita 30, atalembedwa dzina langa ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo ndisanawavale ndinaitana mwana wina kuti andiwerengere kaye. Nkhani yonseyi nditamusimbira mkazi wanga pa WhatsApp, sanaseke n'komwe. Anangofunsa kuti nsapato zija za theka la malipiro akuziona ndani. Ndinamuuza zoona, kuti zimayenda kuchokera pa basi kufika pa genkan, mtunda wa mphindi ziwiri, kenako zimakhala mu mdima mpaka madzulo. Anati ndizisunge bwino, mchimwene wake akukwatira mu Okutobala ndipo phazi lake ndi lofanana ndi langa.