Ulesi wake uli pati?

Lero m'basi bambo wina amati anthu a m'komboni ndi osauka chifukwa cha ulesi. Zandipweteka mumtima. Mayi anga ku Kanyama, komboni ya mu Lusaka, amadzuka 4 koloko m'mawa kukapikula tomato kumsika wa Soweto, zaka 20 tsopano. Ulesi wake uli pati?

Lusaka inakhala likulu mu 1935. Atsamunda anadzisankhira Ridgeway, malo okwera, ife ankatiwerengera ngati alendo odzagwira ntchito basi. Makomboni ngati George ndi John Laing anamera pa malo a azungu, n'chifukwa chake mayinawo. Ufulu unabwera mu 1964, koma mapaipi a madzi ndi ngalande zinatsala komwe anaziika.

Mvula ikagwa Kanyama amamira, zimbudzi zokumba n'kusefukira m'zitsime. Kolera ya 2024, ija inasandutsa Heroes Stadium chipatala, inalowa kwambiri m'nyumba za ndani?

Wa ku Kabulonga, dera la olemera, ali ndi title deed, amakongolera nayo ndalama kubanki, mwana wake n'kudzayambira pamwamba. Ife tili ndi kapepala ka khonsolo kotilola kukhala pamalopo zaka 30.

Sukulu yaulere ya 2022 ndimaiyamikira ndithu. Koma mwana wa mchemwali wanga akaweruka, buku limadikira, iye kaye pamzere wa madzi ndi chigubu.