Helica ya Leyat: pulopela yachiwiri ndi lamba wochepetsa liwiro

Thupi la galimoto latha kumatidwa, mawilo onse anayi alowa, ndipo masabata ano ntchito yonse yathera pa pulopela, mapiko ozungulira ngati a ndege. Tikutengera galimoto yotchedwa Helica ya Marcel Leyat, katswiri wa ndege wa ku France, yomwe anaionetsa pa chionetsero cha magalimoto ku Paris mu 1921. Ilibe giyabokosi, ilibe kilatchi, ndipo palibe cholumikiza injini ndi mawilo. Pulopela ya kutsogolo ndiyo imakoka, mawilo akumbuyo ndi amene amakhota, thupi ndi la pulayiwudi ngati la ndege. N'chifukwa chake inkalemera pafupifupi makilogalamu 250 okha, ndipo mu 1927 ina inafika makilomita 171 pa ola pa bwalo la mpikisano wa magalimoto la Montlhéry ku France.

Injini ya kampani ya ABC ya masilinda awiri ngati imene Leyat ankaika n'njovuta kuipeza masiku ano, ndiye taika ya njinga yamoto ya BMW, ya masilinda awiri opingasa, yoziziritsidwa ndi mphepo. Vuto lake imazungulira mothamanga kwambiri. Pulopela yathu ndi ya mamita 1.4 kuchokera nsonga iyi kukafika nsonga inayo, choncho ikazungulira kamodzi nsonga imayenda mamita 4.4. Injini ikafika maulendo 6,000 pa mphindi, nsongayo ikudya mamita 440 pa sekondi, pamene mawu amayenda mumpweya mamita 343 okha. Zikafika pamenepo phokoso limaboola makutu, mphamvu yokoka imatsika, ndipo thabwa likhoza kung'aluka. Choncho taika lamba wa mano wochepetsa liwiro: pule ya injini mano 24, ya pulopela mano 60. Tsopano pulopela siipitirira maulendo 2,400 pa mphindi, nsonga mamita 176 pa sekondi.

Pulopela musaimangirire pa kirankishafiti ya njinga yamoto ngakhale poyesa chabe. Mabering'i a m'menemo sanapangidwe kuti azikokedwa chakutsogolo. Yathu ili pa shafiti yakeyake, yokhala pa mabering'i awiri a tepa oyang'anizana, ndipo iwowa ndi amene amasenza kukoka konse.

Pulopela yoyamba inasemedwa pa thabwa limodzi lochindikala. Patangotha masabata awiri inapindika, phiko limodzi n'kusiyana ndi linzake madigiri atatu, moti injini ikangolira galimoto yonse inkanjenjemera. Thabwa limodzi siliuma mofanana mbali zonse. Yachiwiriyi ndi matabwa asanu ndi limodzi a mtengo wa ash, lililonse mamilimita 15, omatidwa ndi guluu wa epoxy, mitsempha ya mtengo yosemphanitsa, ndipo anakhala m'makalampu tsiku lathunthu. Musamange makalampu mpaka guluu yense kufinyikira kunja, chifukwa mzere wouma ndi pamene pamayambira mng'alu. Posema timayamba ndi mbali yosalala ya kumbuyo kwa phiko, n'kumayeza ndi tizikombole ta pulayiwudi pa masentimita 10 alionse. Pa masentimita 52 kuchokera pakati, mapiko onse awiri apendekeka madigiri 15. Musanagwire chiselo, tsimikizani mbali imene shafiti imazungulirira. Mukasema mobwerera, galimoto idzakankhidwira kumbuyo.

Kulinganiza kulemera kumafuna kufatsa. Lowetsani chitsulo chozungulira pabowo la pakati, chigoneni pa mipeni iwiri yoimikidwa levulo, m'chipinda chopanda mphepo. Phiko lolemera limatsika lokha. Pamsinkhu uwu sitisemanso, timangowonjezera vanishi ku phiko lopepuka, mpaka pulopela iziima paliponse pamene yasiyidwa. Mabauti asanu ndi limodzi a pakati ayesedwenso injini ikatha ola loyamba, komanso nyengo ikasintha, poti mtengo ukauma umafota. Mukaona fumbi lakuda ngati lopserera kuzungulira mabautiwo, dziwani kuti pulopela yakhala ikugwedera.

Chotsala ndi mkombero wa matabwa ndi sefa ya waya yotchinga pulopela, ndipo injini siilizidwanso pafupi ndi munthu zimenezi zisanalowe. Kenako tigwire mawaya a chiwongolero: akalekerera pang'ono chabe, kumbuyo kumayamba kupepeluka, ndiye waya aliyense apatsidwa chokungira chake.