Lachiwiri: dzino la alamu ndi makapusozi a pa okala

Lero kuntchito sindinapite. Mbandakucha achemwali andiimbira kuti alamu sanagone, tsaya latupa, ndiye ndakwera kabaza kuthamangira konko. Ndawapeza ali pakhonde atagwira chibwano, kukamwa kukukanika kutseguka bwinobwino, ngakhale phala silikulowa. Ndati alamu mwamwapo chani? Achemwali ndi amene alowa m'nyumba n'kutulutsa kajumbo. Mayo ine! Amoxicillin wogula pa okala awiriawiri tsiku limene apeza ndalama, Flagyl wotsala wa mnzawo wa kuntchito, Bactrim, Brufen, ndiye makapusozi ena akuti amachita kutsegula n'kuthira ufawo pabowo pa dzinolo. Dzinolo linayamba kalekale, likawawa amwa, likaziziritsa asiya, basi choncho miyezi kumapita.

Kuchipatala mzere unalipo koma tinalowa ndithu. Adokotala a mano atangoyang'ana anati dzinoli linafa kale mkati. Anafotokoza mofatsa, ine ndinatchera khutu kwambiri: bowo likafika pa mtsempha n'kuupha, magazi safikanso mkati mwa dzinomo, ndiye mankhwala amene mukumeza alowera pati poti amayenda ndi magazi? Mafinya amangodzadzana kunsi kwa muzu. Chofunika n'kumata dzino lisanafike pamenepo, likafika n'kulitsuka mkati kapena kulizula. Alamu awabaya jakisoni wa dzanzi, alizula, mafinya atuluka, ndipo poti kutupa kunali kutafalikira awalembera maantibayotiki, mankhwala opha mabakiteriya, m'buku mwawo, mlingo wake ndi masiku ake. Anawauzanso kuti ali pa Flagyl mowa asayerekeze, ndipo kutupa kukatsikira kukhosi, kumeza kapena kupuma kukavuta, abwere ngakhale pakati pa usiku chifukwa zimenezo zimapha.

Chimene chandiwawa mtima n'choti si alamu okha ayi. Tonsefe kwathu kuno chimfine pang'ono Bactrim, m'mimba mwangotembenuka Flagyl, chikhalirecho chimfine chimabwera ndi vairasi ndipo maantibayotiki ngati amenewa vairasi samukhudza n'komwe. Amene amakumana nawo ndi mabakiteriya a m'thupi mwathu, ofooka amafa, olimba amatsala n'kuswana, tsiku lodzadwala chibayo chenicheni mankhwala aja osagwiranso. Ku Queens ku Blantyre anaunika zotsatira za magazi a odwala kuyambira 1998 mpaka 2016, anapeza kuti tizilombo tosamva mankhwala tikuchulukirachulukira. Padziko lonse mu 2019 mokha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anamwalira ndi vuto lomweli, ndipo kuno kumwera kwa Sahara ndi kumene likupweteka anthu kwambiri.

Alamu sindikuwaweruza. Munthu waganyu akaganiza za thiransipoti ndi tsiku lonse pamzere, okala ili pafupi, amakongozanso. Koma mankhwala amenewa lamulo lake ndi a ku famase dokotala atalemba, a PMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala, alipo chifukwa cha zimenezi, ndipo ndikanakonda akanamafika mpaka m'maokala a m'makwalala mwathu muno.

Madzulo tili pakhonde kwabwera mayi oyandikana nawo nyumba, akuti mwana akutsokomola, amva kuti kuno kwatsala makapusozi. Ndawauza kuti amayi pepani, amenewa sitikupatsani, mwana akamuone kaye adokotala. Nkhope inagwa pang'ono, koma tagwirizana kuti mawa m'mawa ndiwaperekeza kusikelo ndisanapite kuntchito, ya kabaza ndilipira ine.