Mbiri ya moyo wanga, gawo 5: Thobwa la amayi pageti la Kalulu

M'gawo lapitali tinalekezera pamaliro a bambo, m'chaka cha 1993. Anthu atamwazikana, amayi anatsala ndi ana anayi, kadimba m'mbali mwa Shire, ndi mapoto awiri aakulu amene ankabwerekedwa paukwati ndi pamaliro. Mapoto amenewo ndiwo anatilera.

Kwa inu amene simunatsikeko kuchigwa kuno, Nchalo ndi tauni ya nzimbe. Kampani ya shuga inayamba kulima kuno m'zaka za m'ma 1960, ndipo nthawi imene ndikunenayi inkadziwika kuti Sucoma, Illovo isanaigule mu 1997. Kampaniyo inali ndi timu yakeyake ya mpira imene inkasewera mu Super League, ndipo bwalo lake linali la Kalulu. Choncho ife ana a ku Nchalo tinali ndi mwayi umene anzathu a ku Ngabu, Bangula ndi Nsanje ankausirira: matimu amene iwo ankangowamvera pawailesi, ife ankatipeza pakhomo.

Amene anabweretsa maganizo a geni anali amalume. Anafika madzulo ena panjinga, n'kukhala pamphasa, n'kunena kuti, "Achemwali, misozi siidyetsa ana. Loweruka kukubwera Maule. Anthu a ku Blantyre aja dzuwa lathuli salidziwa. Phikani thobwa, mwanayu akuthandizani kunyamula." Mwanayo ndinali ine, woyamba kubadwa, wa zaka khumi.

Thobwa la amayi linali la mapira, osati la chimanga chokha monga amachitira kumtunda. Mapira ankawanyika m'madzi, kenako n'kuwavundikira m'chiguduli chonyowa mpaka atamera, n'kuwayanika padzuwa. Chimera chikauma ine ndinkapita nacho kuchigayo. Lachisanu madzulo ankaphika phala la mgaiwa lodzaza mapoto onse awiri. Ankalidikira lizizire mpaka chala chizitha kupirira, ndipo apo m'pamene ankathira chimera n'kuyamba kuvundula. Pasanathe nthawi phala lolimba lija linkasungunuka lokha n'kuyamba kutsekemera, fungo n'kudzaza pakhomo ponse. Vuto la kwathu kuno ndi kutentha. Thobwa limene ku Zomba lingakhale masiku awiri, ku Nchalo mu Okutobala limasasa dzuwa lisanapendeke. Ndiye amayi ankadzuka tambala woyamba Loweruka n'kuliwiritsanso, n'kulithira m'mitsuko yokulungidwa ndi masaka onyowa. Ntchito yanga pabwalo inali kuwaza madzi pamasakawo kuti asaume, ndi kutsuka makapu m'beseni. Amayi ankakalipa kwambiri akaona kapu yatsukidwa mwachisawawa. "Munthu akadwala m'mimba chifukwa cha ife, geni yathera pomwepo," ankatero.

Tinkafika pageti cha m'ma 11 koloko kuti tipeze mthunzi. Aliyense anali ndi malo ake, ngakhale panalibe amene anawalemba papepala. Amayi a nsomba ankakhala chakumphepo kuti utsi usavute anzawo: makakana ndi milamba yochokera ku Elephant Marsh, yokazinga mpaka mutu kuuma, yowazidwa mchere ndi tsabola, yoikidwa panyuzipepala yakale. Pafupi nawo panali anyamata a chiwaya ndi a kanyenya wa mbuzi, ndipo mbuzi za kuchigwa kuno aliyense amene anazilawa amazidziwa. Panali zitumbuwa, mandasi, zigege, mazira owiritsa, mtedza wokazinga, ndipo m'nyengo yachisanu masau ankagulitsidwa pambale. Ana tinkathamangira kwambiri mafirizi a malambe, amene mayi wina wa kunyumba za magetsi ankabweretsa m'bokosi lokutidwa ndi bulangete.

Tsiku la Bullets kapena Wanderers linali lina. Ochemerera ankatsika phiri la Thabwa pamalole ndi maminibasi, akuimba, kuwoloka mlatho wa Kamuzu, kudutsa pa Dyeratu, n'kufika ku Nchalo malaya ali chonyowa. Kuno thermometer imatha kupitirira madigiri 40, ndipo munthu wozolowera kamphepo ka ku Ndirande amafika kukhosi kuli gwa. Asanafunse n'komwe za tikiti ankafunsa za chakumwa. "Mayi, thirani awiri, ndafa ine!" Amayi ankathira mosathamanga, kapu yodzaza mpaka m'milomo, chifukwa sankafuna kuti mlendo akanene kwawo kuti ku Chikwawa anamubera. Anthu a konkuno anali ena. Ambiri anali odula nzimbe ndi a m'fakitale, ndipo mwezi ukakhala pakati ankamwa pangongole. Amayi sankadziwa kulemba bwino, ndiye kope linali m'manja mwanga. Pa malipiro ankabwera okha kudzabweza, ena akuti "takhuta, mama," ena n'kuwonjezerapo kangachepe ka mwana wolemba.

Chimene chimandikhudza mpaka lero n'chakuti amayi sanaonerepo mpira ngakhale umodzi pabwalo limenelo. Sakanasiya mitsuko. Koma masewero ankawadziwa ndi khutu kuposa ena amene anali m'kati. Phokoso likaphulika mbali ya kwathu ankati, "Tamenya, konza makapu." Kukakhala zii kwa nthawi yaitali ankadziwa kuti zinthu zavuta, ndipo ankayamba kuwerengera zotsitsa mtengo. Timu ya pakhomo ikapambana anthu ankachedwa pageti, kugulirana kanyenya, kumwetsana thobwa, kukambirana chigoli chimodzimodzi kambirimbiri. Ikagonja ankangodutsa mitu ili pansi, ndipo thobwa lotsala tinkabwerera nalo kunyumba, n'kugawira oyandikana nawo lisanasase. Ine ndinkakonda Sucoma monga mwana aliyense wa ku Nchalo, koma popempherera chigoli ndinkapemphereranso ufa wa sabata imeneyo.

Chaka cha 1994 chinabwera ndi zambiri. Ndalama ya kwacha inagwa mphamvu, mitengo ya shuga ndi mafuta ophikira n'kukwera, moti amayi ena a mandasi anasiya geni. Thobwa linapirira chifukwa mapira anali a m'munda mwathu, nkhuni tinkatola tokha. M'chaka chomwecho sukulu za pulayimale zinakhala zaulere, ndipo amayi anayamba kusunga padera ndalama imene ikanapita ku fizi. Ankaimanga pakansalu n'kuibisa pansi pa mtsuko wa ufa.

Apa ndiloleni ndidumphe zaka, chifukwa nkhani ya pageti la Kalulu sindingaimalize osatchula za 2010. Za mmene ndinapitira ku Joni ndidzafotokoza panthawi yake. Chofunika pano n'chakuti World Cup itafika ku South Africa, ine ndinali wothandiza m'khitchini panyumba ina yogona alendo ku Johannesburg, ndipo zipinda zonse zinadzaza ndi anthu a mpira ochokera kutali. Anzanga ankawafunsa za osewera. Ine funso langa linali limodzi kwa aliyense: kwanu, kunja kwa bwalo, amagulitsa chiyani, ndipo amagulitsa ndani?

Amene anandiyankha ndi mtima wonse anali a ku Argentina. Anabwera kudzaonera timu yawo, imene mphunzitsi wake anali Diego Maradona, ndipo pa 12 Juni inagonjetsa Nigeria 1-0 pa Ellis Park. Atabwerako usiku anali okondwa koma anjala, ndipo mmodzi, bambo wachikulire wa imvi, anandiuza kuti kwawo mpira suyamba wopanda choripán. Ndi soseji ya chorizo yootcha pamakala, yong'ambidwa pakati, yoikidwa m'buledi wolimba khungu, pamwamba n'kuthira chimichurri, msuzi wosaphika wa parsley, adyo, mafuta ndi viniga. Anati ukamayandikira bwalo ku Buenos Aires umayamba kumva utsi usanamve nyimbo, ndipo ootchawo ndi anthu wamba a m'makwalala, ena anatengera malowo kwa makolo awo. Mawa lake analowa m'khitchini mwathu, tinatenga boerewors, soseji ya ku South Africa, m'malo mwa chorizo, iye n'kumadula adyo ine ndikukoleza makala. Ndinamufotokozera za amayi ndi mitsuko yawo. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anandifunsa ngati amayiwo akadali moyo. Nditati inde, anandigwira dzanja.

Angerezi anali ndi nkhani ina. Kwawo mpira umaseweredwa m'nyengo yozizira, ndiye pa hafu thaimu amadya pie wa nyama wotentha ndi kumwa Bovril, chakumwa cha msuzi wa ng'ombe chosungunulidwa m'madzi otentha. Ndinadabwa kumva kuti anthu okonda mowa chotere saloledwa kumwa akuyang'ana bwalo pa masewero a ligi zawo zikuluzikulu. Lamulo limenelo linakhazikitsidwa mu 1985 chifukwa cha ziwawa za ochemerera, ndiye amamwera kumakonde a kuseri n'kubwerera kumipando manja ali chabe. A ku Germany ankawaseka, poti kwawo munthu amaonera mpira soseji yootcha ya bratwurst kudzanja lino, mowa kudzanja linalo, ndipo m'mabwalo ambiri kapu amailipirira dipoziti imene amabwezeredwa akaibweza. Ndikanakonda nzeru imeneyo ikanatipeza kale, chifukwa makapu a amayi ambiri anakwera malole kupita ku Blantyre. Mnyamata wina wa ku Brazil anandiuza za bwalo la Mineirão ku Belo Horizonte, kumene chakudya chotchuka ndi feijão tropeiro: nyemba zosakaniza ndi ufa wa chinangwa, nyama ya nkhumba, dzira ndi masamba. Chimenecho ndiye ndinati munthu wa ku Nsanje angachidye osafunsa mafunso.

Ku Joni komweko, World Cup isanafike, ndinali nditaonerako masewero a Kaizer Chiefs ndi Orlando Pirates. Kunja kwa bwalo kunali amayi ndi mapoto a pap (nsima ya kumeneko), nyama yootcha ndi chakalaka (ndiwo zamasamba za tsabola), ndipo m'kati ena ochemerera ankanyamula kabichi yathunthu kapena lofu ya buledi n'kumaluma pamaso pa makamera, kusonyeza kuti adani awo awadya chomwecho. Ndinkamva ngati ndili kwathu. Koma pa World Cup malamulo a mpikisano anaika malire kuzungulira mabwalo, ndipo m'kati mwa malirewo munkagulitsa okhawo ovomerezeka. Mowa wa m'bwalo unali Budweiser wa ku America. Amayi ambiri amene ankaphika pafupi ndi bwalo la Soccer City zaka zonse anakankhidwira kutali ndi mageti, panthawi imene makasitomala anachuluka kuposa kale lonse. Tsiku lotsegulira, pa 11 Juni, Siphiwe Tshabalala wa timu ya South Africa atamenya chigoli chija motsutsana ndi Mexico, mzinda wonse unagwedezeka ndi mavuvuzela, ndipo nanenso ndinalumpha. Koma usiku umenewo ndinaganiza za amayi a mapoto aja. Ndikudziwa kuti makampani amene amalipira ndalama zambiri amafuna chitetezo cha malonda awo, ndipo ndikudziwa kuti ukhondo pa chikhamu chotero si nkhani yamasewera. Komabe sindivomereza kuti njira yake ndi kuchotsa anthu amene anadyetsa ochemerera pamene panalibe kamera. Mlendo wochokera ku Mexico kapena ku Japan anayenda ulendo wonsewo, ndipo akanayenera kupeza pap pageti.

N'chifukwa chake ndikamva nkhani zomanga kapena kukonza mabwalo kuno kwathu, kaya ndi Bingu National Stadium imene inatsegulidwa mu 2017 ku Lilongwe, kaya ndi mabwalo a m'maboma, ndimafuna kumva ngati aganizirako za mpopi wa madzi, mthunzi ndi malo a ogulitsa. Mayi wa thobwa safuna zambiri. Mumupatse madzi aukhondo otsukira makapu ndi denga loti mtsuko usatenthe, adzakhoma msonkho wa pamsika mosanyinyirika, ndipo ana ake adzapita kusukulu.

Tibwerere ku Nchalo. Pofika 1997 amayi anali atawonjezera zitumbuwa ndi mtedza, mng'ono wanga atalowa m'malo mwanga pabeseni la makapu, ine ndikuzungulira ndi chidebe mbali ya malole. Masiku opanda mpira ankagulitsa pamsika ndi pamsewu wa M1, koma phindu lenileni linkabwera Loweruka ndi Lamlungu la ligi. Miyezi ya mvula, ligi ikatha, inali yowawa, ndipo chaka chimene Shire anasefukira n'kumiza dimba lathu tinadya nyika monga anansi athu onse. Ngakhale pamenepo kansalu ka pansi pa mtsuko wa ufa amayi sanakamasule. Amalume anawachonderera kuti agule chimanga, iwo anakana. "Achimwene, iyi ndi ya sukulu ya mwanayu. Njala itha, koma akaphonya Fomu 1 ndiye waphonyeratu."

Zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zitatuluka, dzina langa linali pa mndandanda wa osankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko. Usiku umenewo amayi anatseka chitseko, anayatsa koloboyi, n'kumasula kansalu kaja pamphasa. Tinawerenga tonse awiri, makobidi ndi mapepala onunkha utsi ndi chimera. Inakwana fizi ya teremu yoyamba, yunifomu ndi sutikesi yachitsulo, koma ya nsapato inaperewera, ndipo amalume anagulitsa mbuzi. Za ulendo wanga woyamba kukwera phiri la Thabwa, ndi mmene anzanga a kumtunda anandilandirira atamva Chichewa changa chosakanikira ndi Chisena, tidzakambirana m'gawo 6.